Mpira, wezulo ndi kaundula: ndemanga pa pulogalamu ya masewera a amayi m'nyengo ya COVID-19

Amayi anzanga akhala akundifunsa ngati pulogalamu ya masewera yomwe ndinalowa m'nyengo ya mliri wa COVID-19 inali yaphindu, kapena inali chabe njira ya mabungwe yopezera zithunzi zokaonetsa kwa omwe amawapatsa ndalama. Funsoli ndi loyenera, ndipo silingayankhidwe ndi mawu amodzi. Ndinakhala mu pulogalamuyi kwa nthawi yoposa chaka, poyamba ngati wosewera wamba, kenako ngati wothandiza kulemba kaundula wa obwera, choncho ndinaiona kuchokera m'bwalo komanso kuchokera m'mapepala. Dzina la bungwe lomwe linkaiyendetsa ndalisiya dala, pakuti ena mwa amayi omwe ndinali nawo angazindikirike, ndipo nkhani zawo si zoti aliyense azilozera chala.

Pulogalamuyi inakonzedwa kuti ifikire amayi omwe moyo unali utawapanikiza kale mliri usanafike: amayi amasiye, atsikana omwe anabereka akadali aang'ono n'kusiya sukulu, amayi omwe anathawa m'mabanja a nkhanza kapena omwe anali akadali momwemo, ndi ena ngati ine amene ntchito inatithera pamene malo ogwirira ntchito anatsekedwa. Lonjezo lake linali losavuta kumva. Tinkayenera kukumana kawiri pa sabata, kusewera mpira wa manja kapena wa miyendo kwa ola limodzi, kenako n'kukhala pansi kukambirana mutu umodzi wokhudza umoyo, ufulu wa munthu wamkazi kapena kasamalidwe ka ndalama. Panalibe kulipira kanthu, komanso panalibe kulandira kanthu, ndipo mfundo yachiwiriyi inabweza amayi angapo tsiku loyamba lomwelo, chifukwa munthu amene sakudziwa chomwe ana ake adye madzulo savomera msanga kuti kuthamangitsana ndi mpira kungamuthandize. Inenso maganizo anga anali omwewo. Chomwe chinandisunga mu pulogalamuyi sabata yachiwiri chinali chakuti kunyumba kunalibe chochita china koma kukhala n'kumalingalira mavuto.

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe bungwe lingaganizire za mpira pamene anthu akumwalira, ayenera kukumbukira momwe mliriwu unagwera amayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, maiko ambiri anatseka sukulu, malo opemphereramo ndi mabwalo a masewera, ndipo ngakhale mpikisano wa Olympics wa ku Tokyo unasunthidwa kufikira chaka cha 2021. Lamulo lakuti aliyense akhale pakhomo linateteza anthu ku kachilombo, koma kwa mkazi amene amamenyedwa linatanthauza kubindikiritsidwa m'nyumba imodzi ndi womumenyayo usana ndi usiku. Mu Epulo chaka chomwecho mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapempha maboma kuti achitepo kanthu pa kukwera kwa nkhanza za m'banja, ndipo bungwe la United Nations loona za amayi la UN Women linati vutoli ndi mliri wina wobisala mumthunzi wa mliri unzake, likukumbutsa kuti amayi ndi atsikana 243 miliyoni a zaka za pakati pa 15 ndi 49 anali atachitiridwa kale nkhanza ndi amuna awo kapena zibwenzi zawo m'miyezi 12 yam'mbuyomo. Pambuyo pake WHO inadzanena kuti m'chaka choyamba cha mliriwu matenda a nkhawa ndi kukhumudwa kwambiri anakwera ndi 25 pa 100 alionse, ndipo okhudzidwa kwambiri anali amayi ndi achinyamata. Ine ndinali m'gulu limenelo la osagona tulo, ngakhale pa nthawiyo sindinkalitcha vutolo dzina lililonse.

Maganizo ogwiritsa ntchito masewera pa mavuto a umoyo sanayambe ndi COVID-19, ndipo otiphunzitsa sankabisa kuti njira zawo anaphunzira kwa ena. Bungwe la Grassroot Soccer, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2002, linayamba ndi kuphunzitsa achinyamata za HIV kudzera mu mpira wa miyendo ku Bulawayo m'dziko la Zimbabwe. Banki ya Standard Chartered inakhazikitsa pulogalamu yake yotchedwa Goal ku New Delhi mu 2006, yophatikiza mpira wa manja ndi maphunziro a umoyo ndi a ndalama kwa atsikana, ndipo bungwe la Women Win lomwe linakhazikitsidwa ku Amsterdam mu 2007 lakhala likuthandiza mabungwe ang'onoang'ono kuchita zofananazo. Ku Kilifi m'dziko la Kenya kuli bungwe la Moving the Goalposts, komwe atsikana eni ake ndiwo amaphunzitsa anzawo ndi kuimbira masewera. Njira zonsezi zinakonzedwa poganizira kuti anthu adzakumana pa bwalo. Mliri wofala popumirana mpweya unachotsa maziko amenewo, ndipo apa ndi pamene pulogalamu yathu inayamba ndi phazi lolakwika.

Masabata oyambirira, pamene misonkhano inali yoletsedwa, zonse zinkachitika pa foni. Anatiika m'gulu la WhatsApp, ndipo m'mawa uliwonse kochi ankatumiza kanema waufupi wosonyeza masewera olimbitsa thupi oti tichite m'nyumba, pamodzi ndi uthenga wa mawu wonena za kusamba m'manja ndi kuvala masiki. Makanemawo anali opangidwa bwino, sankafuna zida, ndipo ine ndinkawatsatira. Koma pamene ndinadzayamba kugwira kaundula ndi kuyerekeza mayina a olembetsa ndi mayina a omwe ankayankha m'gulumo, ndinaona kuti amayi omwe pulogalamuyi inkawafuna kwambiri ndiwo anasowa. Wina analibe foni. Wina anali nayo yosatsegula makanema. Wina ndalama ya bandulo inkapikisana ndi ndalama ya chakudya cha ana, ndipo palibe mayi amene angasankhe bandulo. Gulu lina, lomwe linandikhudza kwambiri, linali la amayi omwe foni ya pakhomo imakhala m'thumba la mwamuna, amene amawerenga uthenga uliwonse usanafike kwa mkazi wake. Uthenga wonena za komwe munthu angakadandaule za nkhanza ukafika pa foni yotere sungathandize mkaziyo, ndipo ukhoza kumuputira mavuto. Izi sizinali zobisika kwa aliyense wofuna kuzidziwa, pakuti lipoti la bungwe la makampani a mafoni la GSMA la chaka cha 2020 linali litanena kale kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene mwayi wa amayi wogwiritsa ntchito intaneti ya pa foni unali wotsika ndi 20 pa 100 alionse poyerekeza ndi wa abambo. Ndikuona kuti bungwe linasankha foni chifukwa inali yosavuta kwa ogwira ntchito ake, ndipo gawo limeneli la pulogalamu sindingaliyamikire.

Zinthu zinasintha pamene malamulo analola anthu ochepa kukumana panja. Anatigawa m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo kagulu kalikonse kanali ndi nthawi yake. Pa nkhani ya kudziteteza ku matenda ndilibe chodandaula. Polowera pa bwalo pankakhala ndowa ya mpopi ndi sopo, ndipo palibe ankagwira mpira asanasambe m'manja. Mipira inkapukutidwa ndi mankhwala kagulu kena kasanalowe. Pokambirana tinkavala masiki ndi kukhala motalikirana m'timizere tomwe kochi ankajambula pansi, koma pothamanga tinkaivula, motsatira malangizo a WHO akuti munthu asavale masiki pochita masewera amphamvu chifukwa thukuta limainyowetsa n'kuvutitsa kupuma, bola pakhale mpata wosachepera mita imodzi pakati pa anthu. Amene anadzuka ndi chifuwa kapena kutentha thupi ankauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo dzina lake silinkachotsedwa m'kaundula chifukwa cha kujombako.

Kusankha mpira wa manja kunali kwanzeru kuposa momwe ndinkaganizira. Malamulo a masewerawa amaletsa kukankhana, ndipo wotchinga ayenera kuima pa mtunda wa mita 0.9 kuchokera kwa amene wagwira mpira, kotero kuti kutalikirana komwe azaumoyo ankafuna kunali pafupi kukwaniritsidwa ndi malamulo a masewera enieniwo, kochi n'kungowonjezera mpatawo pang'ono. Palinso lamulo lakuti munthu asasunge mpira kupitirira masekondi atatu ndipo asathamange nawo. Zotsatira zake n'zakuti palibe amene angasewere yekha, ngakhale akhale waluso chotani. Mayi wamanyazi amene waima pakona amapatsidwa mpira chifukwa mnzake alibe kwina koutaya, ndipo akaugwira ayenera kukweza maso, kusankha munthu, n'kuponya. Mpira wa miyendo unkasangalatsa atsikana, koma kumeneko aluso awiri kapena atatu ankatha kulamulira masewera onse pamene ena akungothamanga chabe, ndipo amayi akuluakulu ankatopa nawo msanga.

Komabe chomwe ndikuchiona kuti chinali mtima wa pulogalamu yonseyi si mpira ayi, koma kochi ndi kaundula wake. Makochi onse anali amayi, ndipo anali ataphunzitsidwa zinthu ziwiri zosiyana: kuphunzitsa masewera, ndi kuzindikira munthu amene ali pamavuto popanda kumufunsa pagulu. Kochi wathu anali mayi wofatsa wosakonda kukweza mawu pokhapokha akamaimba wezulo, ndipo tonse tinkangowatcha aphunzitsi. Tsiku lomwe anandipatsa kaundula anandiuza kuti ntchito yanga si kuwerenga obwera koma kuona osabwera. Munthu akajomba kamodzi tinkangolemba. Akajomba kawiri motsatizana aphunzitsi ankamuyendera, ndipo ankapita atapanira mpira m'khwapa kuti aliyense wowaona adziwe kuti abwera pa nkhani ya masewera basi. Ndinazindikira pang'onopang'ono kuti mpira uja unali chifukwa chovomerezeka chogogodera pa khomo lomwe wogwira ntchito yoona za nkhanza sakanaloledwa kulowapo, ndiponso chifukwa chovomerezeka chakuti mkazi atuluke panyumba kawiri pa sabata popanda kufunsidwa mafunso ambiri.

Tsiku lina ndinaperekeza aphunzitsi kwa mayi wina wamng'ono amene ankasewera bwino pakati pa bwalo koma anali atasowa masiku awiri. Tinamupeza akuchapa, atavala masiki ngakhale anali yekha pakhomo. Aphunzitsi anaima patali monga mwa lamulo la nthawiyo n'kunena kuti, "Achemwali, timu yanu ikugonja chifukwa pakati palibe munthu. Kodi tikuonani liti?" Iye anayankha kuti wangotanganidwa, koma pamene ankaweramira m'beseni masiki inatsika pang'ono, ndipo tonse tinaona kutupa kwa mlomo wake. Aphunzitsi sanafunse kanthu, pakuti zenera linali lotsegula ndipo m'nyumbamo munali munthu. Anangomuponyera mpira, iye n'kuuwakha ndi manja onyowa, ndipo anati, "Mwaona, manja akadali bwino. Mawa mubwere msanga mudzandithandize kujambula mizere." Anabweradi msanga, ena onse asanafike, ndipo anakhala ndi aphunzitsi kumapeto kwa bwalo nthawi yaitali pamene ine ndinkadzaza madzi mu ndowa. Zomwe anakambirana sindinazimve ndipo sindinafunse. Chomwe ndikudziwa n'chakuti aphunzitsi anali ndi mayina ndi manambala a anthu enieni a kuchipatala, a kupolisi ndi a uphungu omwe ankagwirizana nawo, osati pepala longopachika pakhoma, ndipo ankaperekeza munthu akavomera, osamukakamiza kusankha zomwe sanakonzeke. Mayi uja anapitiriza kusewera mpaka pulogalamu inatha.

Nditawerenga pambuyo pake za mliri wa Ebola umene unagwa kumadzulo kwa Africa kuyambira 2014 mpaka 2016, ndinapeza kuti zomwe ndinaonazi zikugwirizana ndi zomwe ofufuza anapeza ku Sierra Leone. Kumeneko sukulu zinatsekedwa miyezi yambiri ndipo atsikana ochuluka anatenga mimba. Ofufuza omwe ankatsatira makalabu a atsikana oyendetsedwa ndi bungwe la zachitukuko la BRAC anapeza kuti m'midzi yomwe inasokonezeka kwambiri ndi mliriwo, atsikana a m'midzi yokhala ndi makalabu anatenga mimba ochepa ndipo ambiri anabwerera kusukulu poyerekeza ndi anzawo a m'midzi yopanda makalabu. Makalabuwo sanali a mpira kwenikweni. Anali malo otetezeka okumaniranapo, okhala ndi mtsogoleri wamkazi ndi nthawi yodziwika. N'chifukwa chake ndimakayikira anthu akamalankhula ngati mpira pawokha uli ndi mphamvu yosintha moyo wa mkazi. Mpira umaitana anthu ndi kuwasunga, ndipo umachita zimenezi bwino kuposa msonkhano wongokhala pansi kumvera wolankhula, koma ukapanda munthu wophunzitsidwa woyang'ana amene wasowa, umangokhala masewera.

Sindikupeputsa zomwe masewerawo anachitira matupi athu. Malangizo omwe WHO inatulutsa mu Novembala 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo maola athu awiri pamodzi ndi ulendo wa pansi wopita ku bwalo ankatifikitsa pafupi ndi mlingo umenewo. Ine ndinayamba kugona tulo masiku a masewera, ndipo mutu womwe unkandiwawa madzulo aliwonse unachepa. Koma chomwe chinandidabwitsa kwambiri chinali mawu. Amayi ambiri omwe anazunzidwa amalankhula motsitsa, ngati akupepesa kuti alipo. Pa bwalo munthu sangapemphe mpira monong'ona. Ayenera kufuula dzina la mnzake, kutambasula manja, kutenga malo. Ndinaona amayi omwe sabata yoyamba sankatha kutchula dzina lawo momveka akukangana ndi woimbira pa nkhani ya phazi lomwe laponda mzere, ndipo aphunzitsi ankawalola kukangana mwaulemu mpaka mfundo itamveka. Ukaputeni unkasinthana sabata iliyonse, kotero kuti aliyense anafikapo pogawa malo ndi kulamula anzake. Amene sanaonepo zimenezi angaziyese zazing'ono, koma kwa mkazi amene kwa zaka zambiri sanafunsidwepo maganizo ake pa chilichonse, kuuza anthu asanu ndi mmodzi poti aime n'kuona akumumvera ndi chinthu chomwe amapita nacho kunyumba.

Zokambirana za pambuyo pa masewera zinali zosiyanasiyana pa ubwino wake. Za umoyo zinali zabwino kwambiri, makamaka pamene katemera anayamba kufika m'chaka cha 2021 ndipo mphekesera zinali ponseponse zakuti amatseka mimba kapena amapha pakapita zaka zochepa. Bungwe linabweretsa namwino amene anakhala pansi pamodzi nafe, nayankha funso lililonse popanda kuseka wofunsa, nafotokoza kuti kuwawa kwa mkono ndi kutentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri ndi zinthu zoyembekezereka. Sanakakamize aliyense, koma amayi angapo anapangana kupitira limodzi kukabayitsa. Anakumbutsanso omwe amamwa mankhwala a ARV ndi omwe ali pa njira zolera kuti asasiye kupita kuchipatala chifukwa choopa korona, nkhani yomwe inali yofunika pakuti ena anali atayamba kale kudumphitsa masiku awo. Ndikukhulupirira kuti amayi anamasuka kufunsa chifukwa anali atangotuluka thukuta limodzi ndi kusekera limodzi, ndipo manyazi anali atatha.

Maphunziro a ndalama ndiwo anandikhumudwitsa. Tinaphunzira kulemba bajeti, kusiyanitsa zofunika ndi zongolakalaka, ndi kupatula kangachepe kosunga. Mfundozo ndi zoona, koma zinkaperekedwa kwa amayi omwe analibe chopatula. Mayi wina wamasiye anafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, bajetiyi tiilemba pa ndalama iti?" ndipo panalibe yankho, chifukwa pulogalamu inalibe mpamba woti ipereke kapena mgwirizano ndi bungwe lina lomwe likanapereka. Amayi eni ake ndiwo anadzayambitsa kabanki m'khonde pakati pawo, ndipo bungwe linangovomereza kuti azikumana masewera akatha. Ngati pulogalamu ikulonjeza kuti mkazi adzaima payekha, iyenera kuvomereza kuti mkazi amene alibe ndalama yakeyake amabwerera kwa womuzunza ngakhale atadziwa ufulu wake wonse pamtima.

Panalinso zofooka zina zomwe zikanakonzedwa mosavuta akanafunsa amayi asanayambe. Sukulu zitatsekedwa ana anali pakhomo tsiku lonse, koma palibe anaganizira za woyang'anira ana pa bwalo, choncho amayi ankasinthana kutuluka m'masewera kukanyamula makanda a anzawo, ndipo ena anasiya kubwera chifukwa cha zimenezi. Yunifolomu inabwera ya misinkhu ya atsikana a sukulu, yosakwana amayi obereka, ndipo panalibe makamisolo oyenera kuthamanga nawo, chinthu chomwe mwamuna wokonza bajeti sangachiganizire koma chomwe chimaletsa mkazi kudumpha. Chimbudzi chinali kutali ndipo chinalibe loko, kotero kuti ambiri akakhala kumwezi ankajomba, mpaka aphunzitsi anayamba kusunga mapadi m'chikwama cha mipira. Zimenezi zinasintha pang'ono titadandaula, ndipo ndiyamikire kuti madandaulo ankamvedwa, ngakhale mayankho ankachedwa.

Cholakwa chomwe sindinachikhululukire msanga chinali cha zithunzi. Tsiku lina kunabwera alendo ochokera ku ofesi ya bungwe ali ndi wojambula, ndipo anatipempha kuti tisaine pepala lovomereza kujambulidwa. Pepalalo linawerengedwa mothamanga, pagulu, alendo ataima pomwepo, ndipo m'malo otere munthu amene akulandira thandizo laulere sakana. Pakati pathu panali amayi omwe anathawa amuna awo ndipo sankafuna kuti adziwike komwe ali, komanso ena omwe kungooneka pansi pa mawu akuti amayi ovutika kukanawachotsera ulemu pamaso pa abale awo. Aphunzitsi ndiwo anaimitsa wojambulayo n'kupempha kuti aliyense afunsidwe payekha kumbali, ndipo atafunsidwa motero angapo anakana. Kuteteza amayi pa nkhani ngati iyi kukanayenera kukhala lamulo la bungwe lonse, osati kudalira kulimba mtima kwa kochi mmodzi amene akanatha kutaya ntchito chifukwa chotsutsa mabwana ake pamaso pa alendo.

Pulogalamuyi inatha mwadzidzidzi pamene ndalama za mliri zinatha, nthawi yaitali WHO isanalengeze pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 sinalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Tinauzidwa kutatsala masabata awiri okha. Ndikumvetsa kuti bungwe silingagwire ntchito popanda ndalama, koma linkadziwa kuyambira pachiyambi tsiku lomwe thandizo lidzathe, ndipo likanatha kutikonzekeretsa. Nkhanza za m'banja, ngongole ndi nkhawa sizinathe pamodzi ndi malamulo a m'bindikiro. Makochi omwe anali ataphunzitsidwa bwino chotero anabalalika kukafuna ntchito zina, ndipo mgwirizano wawo ndi azaumoyo ndi apolisi unapita nawo. Chomwe anachita bwino pomaliza n'chakuti anatisiyira mipira, mapolo ndi wezulo, ndipo amayi awiri anali ataphunzitsidwa kuimbira masewera. Kagulu kathu kakukumanabe kamodzi pa sabata, ochepa kuposa kale, ndipo kaundula ali ndi ine.

Kwa mayi amene akuganiza zolowa pulogalamu ya mtundu umenewu, kaya pa mliri wa matenda opumirana, wa kolera kapena wina uliwonse, ndikunena kuti alowe, ngakhale asanagwirepo mpira chibadwire, pakuti luso silinafunsidwe kwa aliyense wa ife. Asayembekezere ndalama kapena ntchito pokhapokha zitalonjezedwa momveka, ndipo adziwe kuti ali ndi ufulu wokana kujambulidwa popanda kuchotsedwa. Kwa omwe akukonza pulogalamu yotere kapena kuipatsa ndalama, ndikanakonda kuti asanawerenge mipira ndi mayunifolomu afunse kaye ngati makochi ndi amayi ophunzitsidwa kusunga chinsinsi, ngati pali munthu weniweni woti mkazi womenyedwa akaperekezedwe kwa iye tsiku lomwelo, ngati mkazi wopanda foni adzafikiridwa misonkhano ikaletsedwa, ndi amene adzagwire ana pamene amayi awo ali m'bwalo. Pulogalamu yomwe ndinalowa inakhoza bwino kwambiri pa mafunso awiri oyambawo ndipo inalephera pa awiri otsalawo. Pa zonse pamodzi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu pa miyezi yomwe tinkakumana pa bwalo, ndi ziwiri zokha pa masabata a WhatsApp ndi pa momwe inathera.